Duwa la Kumanzere

Tsiku limene Tusekele anayamba ntchito kwa Tavita, kunja kunali chipale chofewa chofika m'mawondo. Koma atangotsegula chitseko, anapeza mitengo ya kanjedza, kamathithi kakugwa pakhoma ndi fungo la nanazi wowotcha. Mitengoyo inali ya pulasitiki, ndipo madziwo ankakankhidwa ndi pampu, koma ndani ankasamala zimenezo? Kwa zaka pafupifupi makumi asanu anthu a ku Indianapolis ankadzaza lesitilanti imeneyi ya pa msewu wa Lafayette, kudzadya nkhumba yowotcha ndi kuonera magule a ku zilumba za m'nyanja ya Pasifiki.

Anamulandira ndi Mayi Sina, mkazi wa malemu Tavita amene anatsegula malowa. Anali mayi wa ku Samoa, imvi mbuu, koma woyenda ngati mtsikana, poti anavina pa siteji imeneyo kuyambira ali namwali.

"Pano wantchito aliyense amavala duwa," anatero m'Chingerezi, atanyamula duwa loyera. "Kukhutu la kumanja ndiye kuti ulibe munthu. Kumanzere, mbali ya mtima, ndiye kuti uli naye wako. Lamulo langa ndi limodzi basi: duwa lisaname. Iwe uli mbali iti?"

"Kumanja," anayankha Tusekele mwamanyazi.

Mayi Sina atangochoka, kumbuyo kwake kunamveka mawu a Chichewa.

"Kumanja? Anyamata a kuno maso ali nawo koma?"

Tusekele anatembenuka, mtima uli phaa! Panaima mnyamata wamtali, atakulunga nsalu yamaluwa m'chiuno, atakolekera ng'oma yamtengo m'khwapa.

"Ndaona dzina lanu pa mashifiti. Ndati Tusekele sangakhale wa ku Mexico. Ndine Edmond, wa ku Zomba. Oimba ng'oma akale anakalamba, ena anabwerera kwawo, ndiye Mayi Sina anandiphunzitsa ine."

Tusekele anaseka. Kenako maso ake anagwera pa duwa la mnyamatayo. Linali kumanzere.

"Ndiye mukuchezeranji ndi ine, pomwe duwa lanu likunena kale zonse?"

Edmond sanaphethire n'komwe. "Mpaka dzulo linali kumanja. Ndaliika kumanzere lero lomwe, nditangokuonani mukulowa pakhomopo."

Mawu ngati amenewa, mtsikana wanzeru amangoseka n'kupitiriza ntchito. Tusekele anali wanzeru ndithu, ankaphunzira za unamwino masana n'kumaperekera zakudya madzulo. Koma anali atatha zaka ziwiri m'dziko lozizirali osamvapo mnyamata akumuseketsa m'Chichewa. Anakodwa basi.

Edmond ankakhala ku South Bend, mtunda wa maola awiri ndi theka pagalimoto. Ankati mkati mwa sabata amasamalira okalamba kumeneko, ndipo ankabwera Lachisanu n'kubwerera Lamlungu. Masiku enawo chikondi chinkayenda pafoni.

"Wadzuka bwanji, duwa langa? Ndakumisa koopsa."

"Mtima wanga, ng'oma iliyonse ndimaimbira iwe, makasitomala amangomvera nawo."

"Chaka chino chisanathe ndikaonekera kwa azakhali ako. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu."

Itakwana miyezi itatu, Tusekele anasamutsa duwa lake n'kuliika kumanzere. Mayi Sina anaomba m'manja, n'kufunsa kuti mwamwayi ameneyu ndani. Tusekele anangoti, "Mudzamuona." Edmond anali atamuuza kuti asaulule kuntchito, ati mayiwo sakonda antchito awo kukhala pachibwenzi.

Komatu panali tinthu tina timene tinkamusowetsa mtendere.

Edmond sankayankha foni ikangokwana sikisi koloko madzulo. Akakhala limodzi, foni yake inkagona chafufumimba patebulo. Tsiku lina Tusekele anati akwera basi akamuone ku South Bend, mnyamatayo anachita kutsamwa ndi juwisi.

"Ayi bebi, usayerekeze! Timakhala anyamata folo m'nyumba imodzi. Ukaona khitchini yathu undidampa tsiku lomwelo."

Nanga khitchini yauveyo ndi imene inkatulutsa nkhwani wotendera? Lachisanu lililonse Edmond ankabwera ndi kontena ya chakudya chophikidwa mwaluso, chivindikiro chake atachimanga ndi kansalu koyera.

"Waphika ndani?" anafunsa Tusekele tsiku lina.

"Mayi ena a kutchalitchi. Amatimvera chisoni ife mabachela."

"Chisoni chake cha Lachisanu lililonse?"

"Ukundidauta, switi?" Edmond anamugwira dzanja n'kuliika pa duwa lake. "Ili likunena za ndani?"

Tusekele ankamukonda, ndipo ankadziwanso kuti akufuna kukhulupirira.

M'mwezi wa Ogasiti, Mayi Sina anayamba kukonzekera chikondwerero cha zaka makumi asanu. Anapempha Tusekele kuti amuthandize kutsitsa zithunzi zonse za m'kanjira kopita kukhitchini, azipukute, azisanje potsata zaka. Chaka chilichonse antchito onse ankajambulitsa limodzi pa siteji, ndipo panalibe chaka chimene chinadumphidwa.

Mayiwo ankafotokoza chithunzi chilichonse. Apa panali malemu Tavita, akadali mnyamata, akuzunguza mpeni woyaka moto. Apa panali mapasa a ku Tonga amene anavina zaka khumi ndi ziwiri osajombapo. Apa panali chaka chimene mashopu oyandikana nawo anatseka, ovina n'kumatsuka okha mbale kuti malowa asafe. Mnyamata wina analibe nsidze, moto unali utazinyambita dzulo lake.

Tusekele ankaseka, mpaka anafika pa zithunzi za zaka zaposachedwa.

Edmond anali pa zithunzi zisanu. Pa choyamba anali wowonda, tsitsi lalitali. Pa china onse anali atavala zotchinga pakamwa za nthawi ya mliri. Ndipo pa zonse zisanu, duwa lake linali kumanzere.

Kumanzere! Zaka zisanu Tusekele asanaponde pakhomo pano!

Mayi Sina anali pafupi pomwepo, funso limodzi likanathetsa zonse. Koma Tusekele anaopa yankho lake, ndipo anapukuta galasi la chithunzi loyera kale mpaka linalira.

Lachisanu anamudikirira Edmond poimika magalimoto, n'kumuonetsa zithunzizo pafoni.

"Unati mpaka dzulo linali kumanja. Dzulo lake liti?"

"Aa, bebi, kamera imatembenuza zinthu. Sunaonepo selefi?"

"Dzina la Tavita kumbuyoko likuwerengeka bwinobwino. Kamera yatembenuza khutu lako lokha?"

Edmond anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana pansi ngati munthu wolakwiridwa.

"Chabwino, ndikuuze zoona. Azimayi akamwa zakumwa za m'zikho za kokonati zija amavuta. Ndinkaliika kumanzere kuti asamandifolowe. Ndinakunamiza pang'ono tsiku lija chifukwa ndinkafuna useke. Ndi mlandu umenewo?"

"Mayi Sina amati duwa lisaname."

"Panopa silikunama. Tamvera, aitane azakhali ako ku chikondwerero. Tikamaliza gule ndidzagwada pamaso pawo, anthu onse akuona. Ukufunanso umboni wina woposa pamenepa?"

Munthu wobisa kanthu angalonjeze zotero? Tusekele anadzifunsa funso limeneli sabata yonse, ndipo pomaliza anaimbira foni azakhali ake, a Evelina, namwino wa ku Beech Grove amene anamulera chifikireni ku Amereka.

"Azakhali, Lamlungu mubwere kuntchito kwathu. Pali munthu amene ndikufuna mumuone."

"Ehe! Ndi wopemphera? Kwawo n'kuti?"

"Mudzamufunse nokha."

Chikondwerero chinali Lamlungu masana. Anthu asanayambe kufika, Mayi Sina anamukokera Tusekele pambali, maso akuwala ngati mwana amene wabisa switi m'thumba.

"Ndawakonzera chinsinsi ovina anga. Ndalembera makalata mabanja awo onse, akale ndi atsopano, iwo sakudziwa. Iwe uime pakhomo. Aliyense wa pa pepala ili umuveke nkhata ya maluwa, umupsompsone patsaya monga mwa mwambo wathu."

Tusekele anayendetsa chala pa mayinawo. Chinaima pa mzere wachisanu ndi chitatu: "Chrissie, banja la Edmond, South Bend."

Mwina ndi mchemwali wake. Mwina ndi msuweni. Mwina ndi mayi a kutchalitchi aja. Anaveka nkhata anthu makumi awiri akumwetulira mokakamiza.

A Evelina anafika atatchena ndi duku lawo la pa Khirisimasi, n'kuima pambali pake. Posakhalitsa panalowa mayi wachitsikana, wovala diresi la chitenje, akuyenda pang'onopang'ono dzanja lili pamsana. Anali woyembekezera, miyezi yake itatsala pang'ono.

"Ndine Chrissie," anatero m'Chingerezi. Ataona baji ya dzina pachifuwa cha Tusekele, anafuula m'Chichewa. "Ii, ndinu a kumudzi? Edmond sanandiuzepo kuti kuno kuli Mmalawi!"

"Ndinu achemwali awo?" Mawu a Tusekele anatuluka ngati a munthu wina.

Chrissie anaseka mpaka kugwira chitseko. "Achemwali? Ndine mkazi wake, asisi, chaka chachisanu ndi chimodzi chino. Amandikaniza kubwera, ati ndi kutali, ati utsi wa moto undipweteka. Lero ndadraiva ndekha, ndimusapraize. Mumaliona duwa lake lija? Akuti analiika kumanzere tsiku lomwe anayamba ntchito, kuti aliyense adziwe kuti kunyumba kuli Chrissie."

Ndiye kuti duwalo silinanamepo. Zaka zonsezi linkanena zoona poyera, pamaso pa makasitomala, pakhoma, pa zithunzi zisanu. Wonama anali mwini khutu.

Tusekele anafuna kukuwa. Anafuna kutulutsa foni, amuwerengere mayiyu mameseji onse a "duwa langa". Koma anayang'ana mimbayo, anayang'ana nkhope yosangalala ya munthu amene ankatendera nkhwani Lachisanu lililonse. Anakweza nkhata ya maluwa, n'kumuveka Chrissie m'khosi, n'kumupsompsona patsaya.

"Takulandirani kwa Tavita," anatero.

Ng'oma zinayamba. Ovina anatuluka, chipinda chonse chili m'manja. Edmond anadzutsa mutu akumwetulira, kufunafuna Tusekele pakhomo. Anamuona ndithu, ndipo pambali pake anaona mkazi wake akumubayibitsa ndi manja onse awiri. Ndodo inamupulumuka n'kugubudukira kumapazi a ovina. Zaka zisanu anali asanaphonyepo ng'oma.

"Nanga mnyamata uja ndi uti?" anafunsa a Evelina, akusuzumira ku siteji. "Ndionetse msanga, ndimuyese ndi maso."

Tusekele anakweza dzanja, anazula duwa kukhutu la kumanzere, n'kulisomeka kumanja.

"Palibe, azakhali. Ndinalakwitsa."

A Evelina anayang'ana mwana wa mchimwene wawo, anayang'ana woimba ng'oma amene ankatola ndodo thukuta lili kamukamu. Kenako anangomugwira Tusekele dzanja mwamphamvu.

Gule atatha, Mayi Sina anaitana antchito onse ku siteji kuti ajambulitse chithunzi cha chaka. Edmond anadzipanikiza mpaka anafika kumbuyo kwa Tusekele.

"Bebi, plizi, ndikufotokozera. Zinthu sizili mmene ukuganizira."

"Musanditchulenso choncho, bambo," ananong'ona Tusekele osatembenuka. "Akazi anu muwauze nokha. Mukapanda kutero, akadzangochira ndidzawauza ine. Mameseji onse ndili nawo."

Mayi Sina ankadutsa pamzere kuwongola maluwa a aliyense, monga ankachitira chaka ndi chaka. Atafika pa Tusekele anaima. Anaona duwa lili kumanja, anaona maso ofiira, kenako anayang'ana Edmond nthawi yaitali mpaka mnyamatayo anaweramitsa mutu.

"Bwera uime pafupi ndi ine, mwana wanga," anatero mayiwo.

Chithunzi chimenecho chilipo m'kanjira kopita kukhitchini, chomaliza pa mzere wa zithunzi makumi asanu. Edmond ali kumapeto, wayang'ana pansi, ndipo ndi chomaliza chimene iye akuonekapo. Tusekele ali pakati, Mayi Sina atamukoleka dzanja paphewa. Aliyense woyang'anitsitsa amaona kuti mtsikanayo anali atangolira kumene, koma anadzutsa mutu, duwa lake lili kumanja.