Njere Zisanu za Filomena

Tsiku limenelo ku Mangochi kunatentha kwambiri. Kunalibe mphepo.

Filomena anakhala pakhonde. Anamasula mfundo ya mpango wa amayi ake. Munali njere za mpungabwe, chitsamba cha masamba onunkhira, othamangitsa udzudzu. Njerezo zinali zochepa.

Filomena ndi bambo ake, a Domingos, anathawa nkhondo ku Mozambiki. Anadutsa malire pa Chiponde wapansi. Amayi ake anamwalira panjira. Anangosiya mpango ndi njere.

"Ababa, ndikufuna pakhomo pano pazinunkhira ngati kwathu," anatero Filomena.

A Domingos anatenga zitini zitatu za mafuta ophikira, zimene othawa nkhondo ankalandira. Anaziboola pansi ndi msomali. Anam'patsa.

M'chitini choyamba Filomena anathiramo mchenga wa kunyanja. Anafesa njere. Anathirira. Madzi anangodutsa. Mbande zinamera zachikasu. Kenako zinauma.

M'chitini chachiwiri anathiramo dothi lakuda la kudambo. Anafesa njere. Anathirira. Madzi anangokhala pamwamba. Dzuwa litawomba, dothi linauma gwa! Mbande sizinatuluke.

Njere zinatsala zisanu zokha.

A Amida, oyandikana nawo nyumba, anasuzumira pampanda.

"Iwe mwana, ukulima kapena ukuumba njerwa?" anaseka. "Zisiye izo. Ndikupatsa njere za tomato."

"Zikomo, amayi. Koma ndikufuna zomwezi."

Filomena sanafese msanga. Anayamba kuyang'ana pansi paliponse.

Kuseri kwa khola la mbuzi za a Amida anaima. Pamenepo ankatayapo mankhusu a mpunga. Panamera bonongwe wobiriwira kwambiri. Filomena anapisa dzanja. Dothi linali lofewa. Linali lozizira. Manyowa ndi mankhusu zinali zitawolerana kale.

"Amayi, ndingatapeko?"

"Zinyalala zimenezo? Tapa, mwanangu. Ukafuna utenge ndi mbuzi yomwe!"

Filomena anatapa manja awiri. Anawonjezera dzanja limodzi la mchenga. Anawonjezera dzanja limodzi la dothi la kudambo. Anasakaniza m'chitini chachitatu. Anafesa njere zonse zisanu. Anathirira.

Madzi sanathawe. Madzi sanakhale pamwamba. Analowa pang'onopang'ono.

Panapita masiku atatu. Palibe chimene chinamera. Dzuwa likakula, a Domingos ankasunthira chitini pamthunzi. 

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Filomena anakuwa. "Ababa! Bwerani!"

Mbande zinayi zinali zitamera. Zinali zobiriwira. Zinakula zonenepa, za masamba ambiri.

Patatha mwezi, Filomena anathyola tsamba limodzi. Analifikisa ndi zala. Analiika pamphuno pa bambo ake.

A Domingos anatseka maso kwa nthawi yaitali.

"Fungo la amayi ako," anatero.

"Fungolo lafika kuno!" anaitana a Amida pampanda. "Undigawireko mbande imodzi, mlimi wamkulu. Udzudzu wandimaliza!"

Filomena anaseka. Anayang'ana bambo ake.

A Domingos anatenga msomali. Anayamba kuboola chitini china.