Kamphepo Adula Kamzere Katsopano

Kunyumba onse ankamutchula Kamphepo. Mtsikanayu sankayenda. Ankangothamanga.

Kamphepo anali ndi mlongo wake wakhanda, Masaya. Masaya ankatha kuima. Koma kuyenda ankaopa. Kamphepo ankafuna Masaya ayende.

M'shedi ya azakhali munali kangolo kamatabwa. Kanali kokankha ana pophunzira kuyenda. Koma gudumu limodzi silinkazungulira. Sikuluwu yake inali itachita dzimbiri.

Kamphepo sanadikire munthu. Anatenga supuni kukhitchini. Anaika chogwirira chake pamutu pa sikuluwu. Anapotokola. Supuni inaterereka. Anapotokolanso. Inatererekanso.

Kamzere ka pamutu pa sikuluwu kanatha. Mutu unasalala ngati batani.

Azakhali analowa. Iwo ndiwo ankakonza zinthu pakhomopo. Anayesa ndi sikuludilaiva. Nayonso inaterereka.

"Wadya kamzere apa ndani?" anafunsa azakhali.

"Supuni," anatero Kamphepo.

"Supuni inayenda yokha kuchokera kukhitchini?"

Kamphepo anazolika. "Ndine, azakhali."

"Sikuluwu ikapanda kutuluka, gudumu silikonzeka. Kangoloka kangosanduka nkhuni."

"Nanga Masaya akankha chiyani?"

Azakhali anamuyang'ana. "Tidule kamzere katsopano. Wawononga ndiwe, udula ndiwe."

Azakhali anadonthezera mafuta pasikuluwu. Dontho limodzi. Madontho awiri.

"Tidikire mafuta alowe," anatero.

Kamphepo anadikira. Miyendo inkamuyabwa. Koma anadikira.

Kenako azakhali anatenga macheka aang'ono odulira chitsulo. Kamphepo anagwira macheka. Azakhali anagwira dzanja la Kamphepo.

"Kankha pang'ono. Koka pang'ono."

Kamphepo anafulumira. Macheka anadumpha. Anakanda thabwa.

"Basi siikutisiya, mayi," anatero azakhali. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ine sindikufuna nkhono, azakhali. Ndikufuna gudumu."

Azakhali anaseka. Anayambiranso.

Kankha pang'ono. Koka pang'ono. Khwe, khwe. Khwe, khwe. Fumbi la chitsulo linagwa. Kamzere kanaoneka. Kanali kowongoka.

Azakhali anachotsa dzanja lawo. Kamphepo anamaliza yekha.

"Tsopano sankha sikuludilaiva," anatero azakhali.

Yaing'ono inkagwedera. Yaikulu sinalowe. Yapakati inalowa bwinobwino.

"Kanikiza kaye. Kenako potokola."

Kamphepo anakanikiza. Anapotokola. Sikuluwu inakana. Anakanikizanso ndi manja onse awiri. Kwee! Sikuluwu inatembenuka. Inatembenukanso. Inatuluka.

Kamphepo anapala dzimbiri ndi tupa. Anasalaza mutu wa sikuluwu. Anapaka mafuta pagudumu.

"Tiitaye sikuluwuyi?" anafunsa.

"Ayi. Yachira. Ibwerere kuntchito."

Sikuluwu inabwerera pamalo pake. Kamphepo anamenya gudumu ndi chala. Gudumu linazungulira. Linazungulira osalira.

Kamphepo ananyamula kangolo mpaka pabalaza. Amayi anaimika Masaya. Masaya anagwira kangolo. Anayang'ana Kamphepo.

"Bwera, Masaya," anatero Kamphepo. "Bwera kuno."

Masaya anaponya phazi limodzi. Anaponya lina. Kangolo kanayenda. Masaya nayenso anayenda.

Anadutsa mpando. Anadutsa tebulo. Kangolo kanagunda mwendo wa abambo. Masaya anakhala pansi, phwa.

Onse anamuyang'ana. Kodi alira?

Masaya sanalire. Anaseka. Anagwiranso kangolo. Anaimanso.

"Abambo, pindani miyendo," anatero Kamphepo. "Galimoto ikubweranso."