Kabokosi ka Pansi pa Mwala wa Makina

Madzulo a tsiku limenelo Makina ankamanga mitolo ya nandolo m'munda, kufupi ndi makoma akale a Fort Lister, pampata pamene Michesi ndi Mulanje amayang'anizana. Atadzutsa mutu anaona mtsikana wachilendo akuzungulira mwala waukulu wa m'malire, maso ali pa foni.

Sanali woyamba. Chaka chimenecho alendo ankangobwera, ena azungu, ena a m'tauni, kugwada pamwala womwewo n'kumapita akuseka. Komanso nandolo wa Makina anabereka kuposa wa anzake. A Sitima, oyandikana naye munda, anali atayamba kale kunena pamowa kuti pansi pa mwalawo pali mankhwala okokera zokolola za eni ake. Makina anali mkamwini, munda unali wa kwawo kwa mkazi wake Ida. Mkamwini akanenedwa zotere amangomutulutsira chikwama panja.

"Mayi, mwataya chiyani m'munda muno?"

"Pepani bambo. Ndine Shakira, ndimagwira ntchito ku boma. Awa ndi masewera chabe. Wina amabisa kabokosi, foni imakulozera dera lake, iwe n'kusaka."

Anapisa dzanja kuphanga kwa mwalawo n'kutulutsa kabokosi kapulasitiki. Munali tinthu tachabechabe: batani, kiyi wadzimbiri, kagalimoto ka ana, chipeso chothyoka mano.

"Lamulo ndi limodzi," anatero Shakira. "Ukatenga kanthu, usiyepo kako." Anatenga kiyi uja, navula ndolo imodzi n'kuponyamo.

"Nanga ine anandipempha ndani?"

Mtsikanayo anangoseka, nabweza kabokosiko, n'kumapita.

Makina anakulira pansi pa Michesi. Ankadziwa zimene akuluakulu amanena, kuti chimene wachipeza pamalo a eni ake sunyamula kupita nacho kwanu. Koma anati zimenezo n'za kuphiri, osati za pulasitiki wogula m'sitolo. Apa ndi pamene analakwa, ndipo mwiniwake sakana.

Ida atagona, ndi Linda mwana wawo wakhanda atatopa kulira, Makina anatenga tochi natuluka. Anafika pamwala, nasolola kabokosi konse. Sanasiyepo kanthu.

Pobwerera, nkhululu zinangoti zii. Mphepo ya pampata inaleka. Kenaka kumbuyo kwake kunamveka mapazi, opanda nsapato, okhwekhwereza ngati a munthu amene wayenda ulendo wautali. Iye akaima, nawonso ankaima.

Anatembenuka. Tochi inazima.

Panjira panali munthu wamtali, woonda, mutu wopendekera kumodzi. M'khosi mwake munali mtengo wamphanda, goli lija ankamangira anthu ogwidwa kalekale powadutsitsa pampata umenewu. Analankhula Chilomwe chakale, chimene Makina anachimva komaliza kwa agogo ake.

"Wasiyapo chiyani?"

Pakamwa pa Makina sipanagonje.

"Palibe. Munda uwu ndimathira thukuta ndine. Zinyalala zanuzi sindizifuna."

"Pano anatengapo ambiri osasiya kanthu," anatero munthuyo. "Tinatopa nazo."

Makina anayenda osathamanga, dala, kuti asaoneke wamantha. Atafika kunyumba anaponya kabokosiko m'chimbudzi, namva kakugwera pansi. Analowa m'nyumba, natseka chitseko ndi mpiringidzo.

Go. Go. Go.

Sikunali kuchitseko ayi. Kunali kukhoma, m'munsi, mbali imene kunagona mwana.

Ida anadzidzimuka nayatsa nyali. Linda anali maso. Kukamwa kunali yasa, nkhope yofiira, timanja tikuphiriphitha, misozi ikutsika. Koma mawu panalibe. Mwana amene ankasowetsa tulo mudzi wonse ankalira ngati nsomba.

Ida anamuvundukula thewera. Mkanda wa m'chiuno, umene anamumanga amayi ake a Ida, panalibe.

"Abambo a Linda," anatero motsitsa mawu, "mwachita chiyani?"

Makina anatola chikwanje ndi tochi natuluka.

Ulendo uno anathamanga. Anagwa kawiri m'mizere, nadzuka. Atafika anapisa dzanja kuphanga kuja. Kabokosi kanali momwemo, kouma, kopanda ngakhale fungo. Anatsegula. Pamwamba pa ndolo ya Shakira panali mkanda wa Linda, ukadali wofunda. Ndipo m'katimo, chapansipansi ngati udzudzu, munkamveka kulira kwa khanda.

"Wosasiya kanthu timamusankhira tokha."

Munthu uja anali atakhala pamwamba pa mwala, mapazi ali lende.

Makina anatenga mkandawo naufumbata. Anaika chikwanje pansi. "Nachi."

Munthuyo anapukusa mutu, goli lija likukhuta pamwala.

"Tochi iyi. Malaya awa. Nandolo yense, kololani."

"Cholingana ndi chimene ukutengacho."

Pamenepo Makina anamvetsa. Akanatha kugwada, mwina kupepesa. Sanatero. Mkwiyo unamukwera. Anakweza kabokosiko, nakayandikitsa pakamwa ngati akumwa madzi, nakuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Mwana wanga ayi! Mwamva? Walakwa ndine, wakuba ndine! Mukufuna mawu? Nawa anga, tengani, akutsamweni! Koma mwana wanga ayi!"

Anatukwana m'Chichewa, natukwana m'Chilomwe, mpaka Michesi anabweza mawuwo. Kenaka anatseka chivundikiro, thwa, nabweza kabokosi kuphanga. Atayang'ana pamwamba pa mwala panalibe munthu. Nkhululu zinayambanso.

Makina sanabwerere kunyumba. Anakhala pomwepo, msana atatsamira mwala.

Kutacha anamupeza ndi a Sitima, khasu lili paphewa.

"Ehe! Ndinanena ine! Bwerani mudzaone, anthuni, mkamwini kwamuchera pamankhwala ake!"

Anthu anasonkhana. Amalume ake a Ida anabwera atakwinya nkhope. "Tauzeni, bambo. Mwagona pano mukutani?"

Makina anaimirira, natsegula pakamwa. Milomo inayenda, mitsempha ya m'khosi inatupa. Sipanatuluke kanthu, ngakhale kutsokomola.

Nthawi yomweyo kunjira ya kumudzi kunamveka kulira kwa mwana, kwamphamvu, kong'amba makutu. Anali Ida akubwera, Linda ali kumsana. Anadutsa pakati pa anthu osapereka moni. Makina anatambasula dzanja, mkanda uli pachikhatho. Ida anauyang'ana, nayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira amalume ake.

"Amuna anga sachoka pano. Amene akufuna kuwathamangitsa ayambe wanyamula ine."

"Nanga zili pansi pa mwalazo?" anafunsa a Sitima.

"Pisanipo dzanja, a Sitima. Si inu olimba mtima?"

A Sitima anayang'ana phangalo, nasintha khasu phewa, n'kunena kuti dzuwa likuwathera.

Kuchipatala anamuunika pakhosi nati sakuonapo vuto. Mpaka lero Makina salankhula. Akadalima munda womwewo, mizere yake imafika mpaka patsinde pa mwala, ndipo akamadutsapo sachotsa chipewa. Linda anakula wolongolola, ndipo kutchalitchi akaimba safuna chokuzira mawu.

Alendo a mafoni akadabwerabe. Shakira anabweranso kamodzi ndi anzake. Akuti atangotsegula kabokosiko anakatseka msanga, nakabweza, osatenga kanthu, ndipo sanaonekenso. Amayi a kumjigo amanong'onezana kuti aliyense wotsegula amamva zomwezo, chapansipansi ngati udzudzu: mwamuna akukuwa, osatopa, kuti mwana wake ayi.