Malo a Bambo pa Mtengo wa Kumanzere

Saverio Lomonaco anaima pakhomo la chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, manja ali m'thumba, ngati mlendo wodikira kuitanidwa. M'katimo amuna a ku Castelvento ankapukuta mitengo iwiri ikuluikulu yonyamulira chifaniziro cha Vito Woyera, chifukwa mdipiti unali mawa lake. Fungo linali lomwe lija la makandulo ndi fumbi, koma nkhope zambiri sanazidziwe, ndipo zimene anazidziwa zinali zitakalamba osamuuza.

"Taonani, Khoma lafika," anatero a Pantaleo, mkulu wa onyamula, osadzutsa mutu. "Pukutani bwino anyamata, angatijambule a nyuzipepala."

Khoma ndi dzina limene ochemerera mpira anamupatsa kumpoto. Anachoka kuno ali mnyamata, m'chikwama muli nsapato zampira ndi tchizi cha mayi ake. Anatchinga kumbuyo m'makalabu akuluakulu, anakasewera ku Mangalande ndi ku Turkey komwe, anavalako jezi yabuluu ya timu ya dziko. Tsopano bondo linali litamulanda mpira. Atabwerera kwawo anapeza bwalo lafumbi limene anaphunzirirapo lili poimika magalimoto, ndipo kumene ankagula buledi akugulitsako mafoni. Chosasintha chinali Vito Woyera yekha, ndi malo a bambo ake: kutsogolo, mtengo wa kumanzere.

Ku Castelvento malo a pamtengo sapemphedwa. Amachoka kwa bambo kupita kwa mwana woyamba wamwamuna, pamsewu, chifaniziro chili m'mwamba: bambo amatulukamo, mwana n'kulowetsa phewa. Chaka chimene a Donato, bambo ake, anaona kuti mphamvu zatha, anamuimbira foni. Koma phwando la Vito limagwa mu Juni, ndipo Juni ameneyo Saverio anaitanidwa ku timu ya dziko kumpikisano waukulu. "Chaka chamawa, bambo," anatero. Mpikisano wonse anauonera pa benchi, osaugunda mpira n'kamodzi komwe. Pamsewu paja amene analowetsa phewa anali mng'ono wake, Cosimo. Chaka chamawa chija chisanafike, a Donato anamwalira.

"Cosimo, ndikufuna tilankhule," anatero Saverio m'chipinda muja.

Cosimo, mlimi wa maolivi wa manja okhakhala, anapitiriza kupukuta. "Lankhulani achimwene. Nsanza ndagwira ndi manja, makutu ali pa ulova."

"Malo aja ndi a mwana woyamba."

"Eya. Mwana woyamba tinamuona pa wailesi yakanema, atafunda chijekete, akutafuna chingamu. Bambo anaika wailesiyo pawindo kuti msewu wonse uone. Masewero alionse ankakhala mpaka mapeto, akuti, 'Amulowetsa tsopano, dikirani.'"

Amene anayamba kuseka anasiya. A Pantaleo anakodola Saverio ndi chala.

"Bwera kuno, mwana wa Donato. Ima pafupi ndi mng'ono wakoyu."

Anawagoneka mtengo pamapewa onse awiri. Unapendekeka ngati denga la khola, chifukwa Saverio anali wamtali kwambiri.

"Ukalowa iwe, Woyera ayenda atatsamira kumanja ngati woledzera. Cosimo, muonetse phewa."

Cosimo anakoka kolala monyinyirika. Paphewa pake panali chotupa chouma, chakuda, chachikulu ngati theka la lalanje. Saverio anachikumbukira. Ali mwana ankadina ndi chala chotupa chonga chimenechi paphewa la bambo ake.

"Ichi sichimera tsiku limodzi," anatero a Pantaleo. "Koma ntchito ilipo. Pamasitepe otsikira kumsika onyamula saona pansi. Pamafunika woyenda chafutambuyo patsogolo pawo, wowauza popondapo. Amene ankaigwira ndi mdzukulu wanga, koma wapita ku Germany."

"Imeneyo ndi ntchito ya ana."

"Ya ana, inde. Nanga iwe pamtengo pano uli ndi zaka zingati?"

Saverio anatuluka osatsanzika. Kunyumba anapeza mayi ake, a Addolorata, akusita malaya oyera a onyamula. Anali awiri. Amodzi anali akale, achikasu pakolala. Iye anatenga makiyi a galimoto n'kumawatembenuza m'manja. Kumpoto kunali nyumba yake ya magalasi, kumene anthu ankamupatsa moni pamsewu osadziwa dzina la bambo ake.

"Ukapita, unditsekere geti," anatero mayi ake, maso ali pa simbi. "Malaya akalewa ndi a bambo ako. Ndimawasita chaka chilichonse. Manja ake ndi aafupi, koma ungapinde."

Mawa lake bandi itayamba kulira, Vito Woyera anatuluka m'tchalitchi akugwedezeka pamwamba pa mitu ya anthu. Patsogolo pake panali munthu wamtali wa malaya opinda manja, atafulatira msewu.

"Khoma likuthawa," anakuwa wina pawindo, anthu n'kuseka. "Mwina lero amulowetsa."

Saverio anachita manyazi. Koma atafika pamasitepe, thupi lake linakumbukira lokha. Moyo wake wonse anayenda chonchi, chafutambuyo, mawondo opinda, maso pa munthu amene akubwera. Kochi wake woyamba, pabwalo lafumbi lija, ankati wotchinga asamayang'ane mpira, aziyang'ana chiuno cha munthu. Tsopano ankayang'ana ziuno ndi mapazi a onyamula.

"Pang'onopang'ono. Apa pali phula la makandulo, pondani kumanja. Kumbuyoko dikirani."

Bondo lake linkabaya pa sitepe iliyonse. Atakweza maso anaona nkhope ya Cosimo chapafupi, itatsamira pamtengo, mitsempha itatupa m'khosi, milomo italumidwa. Inali nkhope ya a Donato. Pazithunzi zimene ankamutumizira pafoni, onyamula ankaoneka ang'onoang'ono, akumwetulira. Izi sanazionepo.

Pakati pa masitepe phazi la Cosimo linaterereka. Mtengo wa kumanzere unatsika, azimayi anafuula, ndipo pansi pa mtengowo panatseguka mpata wokwana phewa limodzi. Saverio anauona bwinobwino. Akanalowa, palibe akanamutulutsamo pamaso pa Woyera, pakuti mwambo unali womwewo. Phewa lake linali litayamba kale kupendekera komweko.

Anatambasula manja m'malo mwake. Anagwira nsonga ya mtengo ndi zikhato zonse ziwiri, nauchirikiza.

"Dzuka, Cosimo. Malo ako awa. Ponda apa, ndagwira."

Cosimo analowetsanso phewa lake. Saverio anachotsa manja, n'kupitiriza kubwerera chafutambuyo mpaka pansi.

Pamsika anatsitsira chifaniziro pa thebulo kuti apume. Cosimo anamwa madzi, ena n'kudzithira kumutu, kenako anapatsira mkulu wake botolo osamuyang'ana.

"Sitepe yoterera ija munachedwa kundiuza, achimwene."

"Chaka chamawa ndidzakuuza msanga."

Cosimo anatembenuka. Anamuyang'ana, anayang'ananso kolala yachikasu ija.

"Mawu amenewo tinawamvapo m'nyumba mwathu."

"Ndikudziwa," anatero Saverio. "Koma Juni ndilibenso kopita."

A Pantaleo anawomba m'manja kuti anyamule. Saverio anabweza botolo, anapindanso manja a malaya, n'kukaima patsogolo, atafulatira msewu.