Lumani, Bambo

Uyu ndi Kamano. Dzinali anamupatsa ndi anzake, chifukwa amaluma chilichonse. Amaluma pensulo. Amaluma kolala ya diresi. Mayi anachita kutopa nako kumuletsa.

Kamano anali ndi chisoni. Bambo ake anapsa manja kuntchito. Manja onse awiri anali m'mabandeji. Kapu sankatha kugwira.

M'mawa Mayi ankapita kuntchito. Kamano ankapita kusukulu. Bambo ankatsala okha pabedi.

Tsiku lina Kamano anapeza kapu itasweka pansi. Milomo ya Bambo inali gwaa, itang'ambika.

"Madzi, mwanangu," anatero Bambo motsitsa mawu.

Namwino anabwera. Anapukusa mutu.

"Akapanda kumwa madzi, abwerera kuchipatala," anatero namwino.

Kamano mtima unamuwawa. Sanafune kuti Bambo achokenso.

Namwino anawapatsa kapaipi katsopano komwera madzi. Kamano anakalowetsa m'botolo la madzi. Botololo analikoleka chozondotsa pamsomali. Kapaipi kanafika pafupi ndi pakamwa pa Bambo.

Koma mayo ine! Madzi onse anatayikira pabedi. Bambo anagona ponyowa tsiku lonse. Anazizidwa. Ludzu lili pompo.

Kamano anatseka kapaipi ndi kachitsekero ka labala. Madzi sanatayike. Koma Bambo akanatsekula ndi chiyani? Tsiku limenelonso sanamwe.

Kamano anakwiya. Anazula kalabala kaja. Anakaluma. Anakalumanso. Anakaluma mpaka kanang'ambika kunsonga.

Kenako anaona chinthu. Akaluma, pong'ambika paja pankayasama. Akasiya, pankatseka.

"Amayi, taonani!"

"Iwe, walumanso chiyani?" anafunsa Mayi.

Mayi anayang'anitsitsa. Sanakalipe. Anatenga kalabala kena n'kukatsuka bwinobwino. Anakacheka pang'ono ndi lezala. Anakaveka kunsonga kwa kapaipi.

Madzi sanadonthe. Ngakhale dontho limodzi.

"Lumani, Bambo," anatero Kamano.

Bambo analuma. Madzi anabwera. Bambo anasiya. Madzi anasiyanso.

Bambo anamwa, anamwa, anamwa. Misozi inatsika m'masaya mwawo. Kamano anawapukuta, poti iwo analibe chopukutira.

Mawa lake Kamano anachokera kusukulu akuthamanga. Anagwira bedi. Linali louma. Anayang'ana botolo. Linali lopanda kanthu.

"Ndamwa ndekha, mwanangu," anatero Bambo.

Manja anali adakali m'mabandeji. Koma Bambo sanabwerere kuchipatala.

Kamano anakhala pambali pawo, pensulo ili kukamwa. Mayi anamuona.

"Luma, mwanangu," anatero Mayi.