Dothi la Pansi pa Phompho

Njere za duwa la okidi woyera zinkangofera m'mabotolo ku yunivesite. Mayi Pulofesa ankadziwa chifukwa chake: duwali silimera popanda kabowa kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'dothi lakwawo. Kwawoko kunali kumodzi kokha, pansi pa phompho lakuseri kwa phiri. Amene anabweretsa njerezo anali mchimwene wawo. Anabwererako kukatenga dothi, osabweranso, ndipo mtembo sunapezeke.

Botolo litatsala limodzi, Pulofesa ananyamuka ndi mlonda wa nkhalango. Mlamu wawo, mkazi wa malemuyo, anangotulukira chikwama chili kumsana.

"Alamu, kumeneko n'kutali," anatero Pulofesa.

"Ndadikira mokwanira. Tiyeni."

Phiri silinawalandire bwino. Mvula inawakwapula, mtsinje unawalanda thumba la chakudya, zotsalazo anamaliza ndi anyani. Chifunga chikatsika, kuphompho kunkamveka likhweru. Mlonda anati ndi mbalame, koma ananena maso ali pansi. Malemuyo ankakonda kuimba likhweru pogwira ntchito, ndipo amayi awiriwo sanayang'anizane.

"Chingwechi chifika?" anafunsa Pulofesa pamlomo pa phompho.

"Chifika, bola mmodzimmodzi," anayankha mlonda.

Pansipo panali zii, kuzizira kolowa m'mano. Maluwa anali pomwepo, mbee, pakamalo kosaposa mphasa. Pulofesa anagwada ndi supuni kuti atape dothi. Pakati pa masamba panali jombo. Kenako lamba. Mizu inali itayanga m'mafupa.

"Tikhoza kuwanyamula tikawaike mwaulemu," mlonda anatero chapansipansi. "Koma tikafukula apa, maluwawa atha onse."

Pulofesa ndi amene ankayenda m'masukulu kuuza ana kuti asamazule maluwa akutchire. Koma manda a mchimwene wawo ankawafuna, ankawafunitsitsa mpaka mtima kuwawa.

Mlamu uja anakhala pansi nthawi yaitali akusisita jomboyo.

"Bambowa kunyumba sankakhazikika," anatero. "Pano akhazikika. Tapani dothi lanulo, alamu, tizipita."

Anabwerera ali ofooka ndi njala, dothi lodzaza kapu lili m'chikwama. Patapita miyezi, timasamba tiwiri tinatuluka m'botolo lomaliza lija.

Masiku ano mlamuyo amafika m'chipinda cha mabotolo m'mawa uliwonse. Amaima pagalasi n'kunong'ona kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Pulofesa amatuluka panja kuti awapatse mpata.