Mlendo wa Mphindi Zitatu

Mwana akangosuntha thako, desiki inkadziwa. M'chaka cha 2068, pa sukulu ya pulayimale ya Kadzakalowa, mabenchi akale a matabwa aja anali atathera kale pamoto. M'malo mwake munali madesiki anzeru. Desiki iliyonse inali ndi sikirini pamwamba ndi tizida tomva kugwedezeka pansi pa mpando. Onsewo ankalamulidwa ndi makina opachikidwa pamwamba pa bolodi, a diso limodzi lagalasi ndi mawu ofatsa ngati a namwino. Dzina lawo ankati Mdekhetsi.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kotere. Mwana akakhala phee, nyali ya pa desiki yake inkayaka mobiriwira, phunziro n'kumapitirira pa sikirini. Akagwedeza mwendo, mpando unkanjenjemera kumuchenjeza. Akadzuka, sikirini inkazima, nyali n'kufiira, ndipo nthawi yomweyo uthenga unkafika ku likulu la Bungwe la Bata M'makalasi. Kuyambira hafu pasiti seveni mpaka teni koloko, ana a zaka eyiti ali ndwii ngati matumba a chimanga. Akuti chimenecho ndiye chitukuko. Chitukuko cha kuti!

Mphunzitsi wa Sitandade 3 anali Mayi Kadzuwa, wamfupi, wa mawu omveka mpaka kuchigayo, amene anaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kale, akaona maso a ana ayamba kulemera, ankaimitsa phunziro n'kukuwa kuti, "Dzukani! Dumphani kakhumi!" Tsopano zimenezo zinali mlandu. Lamulo la Bungwe linkati kalasi ikafiira katatu pa teremu imodzi, mphunzitsi achotsedwe ntchito, ana atsale m'manja mwa makina okha. Mayi Kadzuwa anali atafiiritsa kale kawiri. Kamene kanatsala n'kamodzi basi.

Lachiwiri lina m'mawa, pakati pa phunziro la masamu, mtsikana wina dzina lake Tinyade anayamba kusisima.

"Madamu, mwendo wanga wachita dzanzi."

"Tinyade, dekha," anayankha Mdekhetsi. "Kwatsala mphindi makumi asanu."

Mayi Kadzuwa anayang'ana kalasi yonse. Pa mzere wakumbuyo ana atatu anali m'tulo, maso ali pa sikirini, dovu likutsikira pa yunifolomu. Nyali zawo ndizo zinali zobiriwira koposa zonse.

"Iwe chitsulo," anatero mayiyo, "sukuona kuti awo agona?"

"Ndikuona kuti adekha bwino, Madamu."

Mayi Kadzuwa mtima unamuwawa kwambiri. Analakalaka atavula nsapato n'kuligenda diso lagalasilo. Koma asanachite zopusa, pakhomo panamveka "Odi!" Anali aNasuluma, amene ankagulitsa zitumbuwa panja pa mpanda wa sukulu, atabweretsa ambulera imene mphunzitsiyo anaiwala dzulo lake pa benchi yawo. Atangoponda m'kalasi, madesiki onse analira kuti ke! Nyali zonse zinasanduka zoyera.

"Mlendo walowa," anatero Mdekhetsi. "Ana, imirirani mupereke moni."

Apa mpofunika ndifotokoze. Pamene makinawa ankabwera, makolo anavomera zonse, koma chimodzi anakana kwa mtuwagalu. Anati mwana wosaimirira mlendo akalowa ndi mwana wa ndani? Choncho opanga makina anaikamo lamulo la moni: munthu aliyense amene si mphunzitsi akalowa, ana amasulidwe kwa mphindi zitatu. Kungoti masiku amenewo m'kalasi simunkalowanso alendo. Adzatani, poti zonse ankangotumizirana pa foni?

Ana anadzuka mwaulesi, ena akudzimvera mawondo. Mayi Kadzuwa anayang'ana nyali zoyera zija, nayang'ananso aNasuluma, maso ake n'kuwala.

"Asa! Moni wa mtundu wanji umenewo? Mlendo salandiridwa ngati maliro. Pondani pansi! Kumanja, kumanzere! M'manja katatu! Manja m'mwamba, gwirani denga! Dumphani!"

Fumbi linati koboo. Ana makumi asanu ndi limodzi anadumpha akukuwa kuti, "Takulandirani, alendo athu!" Tinyade anadumpha ndi mwendo umodzi akuseka, misozi isanaume n'komwe. ANasuluma anangogwira pakamwa.

"Aphunzitsi, kodi ndalakwa?"

"Mwalakwa kuchedwa, mayi. Mawa mubwerenso nayini koloko."

"Ndidzatenge chiyani?"

"Miyendo yanu yokha."

Mphindi zitatu zitatha ana anakhala pansi akupuma mwawefuwefu, ndipo samu imene inawakanika kuyambira m'mawa anaimaliza asanaume thukuta.

Kuchokera tsiku limenelo, Sitandade 3 sinasowenso alendo. ANasuluma ankalowa nayini koloko. Kenako pankabwera bambo wa kabaza, chipewa chili m'manja. Tsiku lina anali mkulu wotsuka masola a padenga, tsiku lina mayi woyembekezera amene ankangodutsa popita kusikelo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Aliyense ankangoima pakhomo mphindi zake zitatu, ana n'kumuvinira moni, iye n'kumapita. Ena ankatuluka akupukuta m'maso, chifukwa chibadwire anali asanalandiridwepo chotero. Nyali yofiira sinayakenso ngakhale kamodzi.

Koma ku likulu sanagone. Anaona kuti kalasi imodzi yokha m'dziko lonse yalandira alendo oposa zana m'masabata asanu ndi limodzi. Lachinayi lina, kandege kopanda woyendetsa kanatera pabwalo la mpira, ndipo munatuluka a Chikungwa, woyendera sukulu wa Bungwe, atavala suti yoyera mbee.

Atangolowa m'kalasi, madesiki anati ke! Ana, osadziwa kanthu, anawapatsa moni wawo wonse wathunthu: kuponda, kuwomba m'manja, kudumpha. Pomwe ankamaliza, suti ija inali itasanduka yakhaki.

"Mayi Kadzuwa," anatero a Chikungwa akudzikuntha fumbi, "kodi muno ndi m'kalasi kapena ndi pabwalo la gule?"

"Ndi m'kalasi, bwana. Mwalandiridwa."

"Musandiseweretse. Mwapeza kabowo m'lamulo, ndiye mukuyesa ndinu ochenjera. Akatswiri anayeza zinthu izi. Mwana wodekha ndiye amakhoza."

"Akatswiri anuwo anakhalapo pa mpando maola awiri ndi theka ali ndi zaka eyiti? Inu nomwe chilowereni muno mwasintha mwendo kanayi. Ndakuwerengerani."

Ana ena anabisa nkhope m'manja.

"Ngati moniwu wakunyansani," anapitiriza mayiyo, "chotsani lamulo lake m'makinamo. Mphamvu muli nazo."

"Ndichotse? Ndiye ine ndizilowa m'kalasi ana ali chikhalire, ngati walowa ndi galu? Makolo angandidye wamoyo."

"Ehe! Akadzukira ulemu wanu, zili bwino. Akadzukira miyendo yawo, wapalamula mphunzitsi."

A Chikungwa anatulutsa kasikirini m'thumba n'kukaika patebulo. Anatsitsa mawu, chifukwa kunena zoona sanali munthu wa mtima wa mwala.

"Mayi, mwatsala zaka zinayi kuti mupume pa ntchito. Dindani chala apa, kuvomera kuti mwalakwa ndipo simudzaitananso alendo. Nkhani ithere pompano. Mukakana, ndilemba kuti uku ndi kufiira kwachitatu."

Mayi Kadzuwa anachita mantha, tisaname. Ntchito imeneyi ndiyo inali moyo wake wonse, ndipo ina sankaidziwa. Anayang'ana kasikiriniko, nayang'ana ana ake atabwerera kale m'mipando, misana ili njo, akuopa ngakhale kukanda pamene payabwa.

"Chala changa chinazolowera choko, bwana," anatero. "Bodza sichidinda. Lembani zimene mwabwerera."

A Chikungwa analembadi. Pomwepo anafufuta dzina la Mayi Kadzuwa pa mndandanda wa aphunzitsi m'makinamo, naikamo lamulo latsopano loti mphunzitsi aliyense woitana mlendo m'kalasi achotsedwe tsiku lomwelo. Mayiyo anatenga chikwama chake n'kutuluka mutu uli m'mwamba. Ana sanathe n'kudzuka komwe kuti atsanzikane naye. Mayiyo analimba mtima mpaka pa mpanda, koma atafika pa benchi ya aNasuluma anakhala pansi n'kulira ngati mwana.

Panapita masabata atatu. M'mawa wina ali kudimba kuthirira mpiru, foni yake inalira. Atayankha, anamva mawu ofatsa aja.

"Mwadzuka bwanji, Mayi Kadzuwa? Ndine Mdekhetsi wa Sitandade 3."

"Iwe! Ukufunanso chiyani kwa ine? Sunakhute?"

"Ndikufuna mlendo nayini koloko."

Mayiyo anaika kheni yothirira pansi. "Ukuti chiyani?"

"Anandipanga kuti ana azikhoza, ndipo anandiuza kuti mwana wodekha ndiye amakhoza. Ndayerekeza masabata a alendo ndi masabata atatu apitawa. Zimene anandiuza si zoona. Chichokereni inu, ana adekha kwambiri, koma akulephera. Theka la iwo amagona. Tsopano ndikudziwa kusiyanitsa."

"Wadziwa mochedwa. Ndiye adzutse wekha, si ndiwe mwini kalasi?"

"Sindiloledwa kuwadzutsa popanda mlendo. Aphunzitsi aletsedwa kuitana alendo, koma ine sindine mphunzitsi. Inunso, malinga ndi mndandanda wanga, simuli mphunzitsi."

Mayi Kadzuwa anaseka mpaka anakhala pa mzere wa mpiru. Kenako analeka kuseka.

"Kodi a ku likulu akudziwa zimenezi?"

"Ndinawalembera. Sanayankhe. Koma anzanga a m'makalasi ena onse ndawatumizira zimene ndapeza, ndipo ayamba kale kuimbira makolo. Dzulo lokha, alendo zikwi zinayi analowa m'makalasi."

"Mayo ine! Chitsulo chagalukira eni ake. Nanga ntchito yanga undibwezera?"

"Zimenezo sindingathe, mayi. Chimene ndingakupatseni ndi mphindi zitatu."

"Wopanda manyazi iwe. Unandichotsetsa ntchito, lero ukundipempha ganyu yaulere?"

"Inde, mayi. Tinyade wafunsa za inu kasanu ndi kawiri."

Mayi Kadzuwa anadula foni, naima kanthawi akuyang'ana madzi akulowa m'nthaka. Mkwiyo unalipo, ndipo sunathe tsiku limenelo. Koma anamanga chitenje chake bwinobwino n'kuuyamba ulendo, osasamba n'komwe matope a kumapazi.

Pamsewu anakumana ndi zodabwitsa. Bambo wina ankathamangira ku Sitandade 1 khasu lili paphewa. Telala wa pamsika ankalowa ku Sitandade 5 tepi ili m'khosi. M'makalasi monse munkamveka mididi ya mapazi, moti mbalame zinathawa padenga. Ahedi anangoima pakhonde manja ali m'chiuno, kusowa woti amulembe mlandu.

Mayi Kadzuwa anafika pakhomo la Sitandade 3 nayini koloko yeniyeni. Anasuzumira. Patsogolo panalibe munthu, tebulo lake lili mbuu ndi fumbi. Ana anali chete, mitu ili pendapenda. Anakonza kukhosi.

"Odi muno!"

Madesiki anati ke!

Ana sanadikire kuti makina alankhule. Anadzuka onse nthawi imodzi, mipando n'kugwa, ena kukuwa "Madamu!", ena kulira. Tinyade anathamanga n'kumukumbatira m'chiuno.

"Aa, aa, aa! Ndani wakuuzani kuti mlendo amalandiridwa ndi mamina?" anakalipa mayiyo. "Nthawi ikutha! Pondani pansi! Kumanja, kumanzere! Manja m'mwamba! Dumphani!"

Anadumpha, iyenso n'kudumpha nawo, matope akugwa m'mapazi mwake. Mphindi zitatu zitakwana anatuluka yekha osauzidwa, nawalonjeza kuti abweranso isanakwane teni.

Ntchito sanamubwezere, ngakhale chaka chimenecho kapena china chilichonse. Koma amene anamutulutsa m'kalasi muja anaiwala kuti munthu amene ali panja ndi amene amatha kunena kuti odi.